Mfuti Imene Andrew Anafewetsa

Ku Kabwata, kuseri kwa nyumba ya a Spencer Sakala, kunali kashedi ka malata kumene anthu ankabweretsa maloko okanika, makina osokera ndi masikelo a pamsika. A Sakala anali mkulu wa mpingo wa Reformed, munthu wosachuluka mawu. Akazi awo, mayi Judith, ankaimba m'chigwirizano cha amayi. Mwana anali naye mmodzi yekha, Andrew, ndipo anakulira m'shedimo tupa ili m'manja.

"Tupa imachotsa, siibwezera," ankatero bambo ake. "Usanapale chitsulo, yamba wafunsa kuti amene anachipanga anachisiyiranji chotero."

Luso Andrew anali nalo, zimenezo palibe akanatsutsa. Matenda ake anali ofuna kutamidwa, pamene bambo ake akakondwa kwambiri ankangogwedeza mutu basi.

Wodzamutama anapezeka. Anali Jonas, mlonda wa kampani ina yolondera nyumba za ku Woodlands ndi Kabulonga. Loweruka lina masana, a Sakala ali ku msonkhano wa akulu a mpingo, Jonas anazemba pa geti pamene ankalonda n'kutulukira m'shedi atanyamula thumba lalitali.

"Shani, ba injiniya," anatero akusolola mfuti. Analoza thiriga, kachitsulo kaja kamene chala chimakoka kuti mfuti ilire. "Aka nikokosa maningi, monga udonsa ng'ombe. Kawalala angakulase ukali kulimbana nako. Kafewetseko chabe."

"Batate sibangavomele. Nanga mfuti ni yanu?"

"Mfuti ya kampani ilibe mwine. Ukakomboka pa nchito ubweza ku ofesi, mailo bapatsa winangu. Nindani azaziba? Batate bako ni ba maloko, iwe uli na mutu. Olo uyopa?"

Mawu akuti injiniya anamukomera Andrew ngati uchi. Anaimasula mfuti ija, n'kupala zimene anapala mkatimo, mpaka thiriga inafewa moti kungoikhudza inkagwa. Jonas anaimba mluzu, nati manja otere sanawaonepo mu Lusaka monse.

A Sakala anakumana naye Jonas pakhomo akutuluka, thumba lili kukhwapa. Atalowa m'shedi anamufunsa Andrew, ndipo iye anawauza monyada kuti wafewetsa thiriga ya mfuti.

"Mwana wanga, amene anapanga chija anachikosetsa dala, kuti munthu aganize kabili asanaphe mnzake. Iwe wachotsapo kuganiza. Mulondole, umuuze akaibweze ku ofesi anene zoona."

"Imwe simunaniyamikepo olo kamozi," anayankha Andrew. "Bantu bakunja ndiye baona vamene niziba."

Mayi Judith anamugwira malaya akulira, koma iye anatenga chikwama ndi matupa ake n'kukapeza kachipinda ka lendi ku Chelstone.

Jonas anamubweretsera ena: amuna a magalimoto akuda magalasi, amene ankamwera ku Northmead, aliyense ndi kamfuti kake kofuna kufewetsa. Onse ankamutcha injiniya. Koma galimoto ankaimika patali, ndipo akakumana naye m'tauni ankayang'ana kumbali ngati aona wowakongoza. Kenaka Jonas anachotsedwa ntchito n'kusowa osatsazika. Andrew ankadya yekha, mbale ili pamaondo. Foni yake inkalira pokhapokha wina akafuna ntchito. Lamlungu nyimbo za tchalitchi chapafupi zikayamba, ankatseka zenera chifukwa zinkamukumbutsa mawu a mayi ake. Anali wosungulumwa kwambiri, koma kunyada kunkamuuza kuti umenewo ndiye ukulu.

Tsiku lina anakumana ndi mayi ake pa msika wa Soweto, akugula tomato wokagulitsa pakhomo. Anali ataonda.

"Shedi tinavala," anatero mayiwo, kutanthauza kuti anaitseka. "Batate bako maso yanafooka, tunthu tung'ono sibaona. Iwe ndiwe unali maso yao. Manje baloba nchito ya ugadi, balonda pa geti ku Woodlands."

"Kampani iti?"

Atatchula dzina, Andrew analizindikira nthawi yomweyo. Inali kampani ya Jonas, ija ya mfuti zopanda mwini.

M'mawa mwake anakwera basi mpaka ku Woodlands. Anaima kutsidya kwa msewu, kuseri kwa mtengo, n'kuwaona bambo ake atakhala pakampando, yunifomu ikuwakhwepa, mfuti ili pamiyendo. Kunali kungowoloka msewu n'kunena kuti, "Batate, pali mfuti imozi yamene ninaononga, uzani ba ofesi." Koma kutero kunali kuvomera kuti nkhalamba ija inkanena zoona, ndiponso apolisi akanafunsa za amuna a ku Northmead aja. Anadziuza kuti kampani ili ndi mfuti zambirimbiri, singagwere iwo. Anabwerera ku Chelstone osawapatsa ndi moni womwe.

Tsoka silinunkha. Lachisanu lina dzuwa lili paliwombo, galimoto ya bwana inaliza hutala pa geti. A Sakala, poti mawondo anali atatopa, anatsamira mfuti ngati ndodo kuti adzuke, thako la mfutiyo pansi, dzanja lamanja pakamwa pake. Thiriga sanaikhudze n'komwe. Mfuti itangogunda simenti inalira yokha.

Andrew anafika kuchipatala madzulo ake. Anapeza mayi ake pabenchi, ndipo chapatali panali wapolisi.

"Kwanja baijuba," anatero mayi Judith osamuyang'ana, kunena kuti madokotala adula dzanja lija. "Ba kampani batsegula mfuti, bapeza munthu anaipala mukati. Bakuti ni batate bako, pakuti bonse baziba ati ni ba tupa. Bakachoka muno bayenda ku polisi."

A Sakala anali chigonere, mkono wokulungidwa nsalu zoyera uli pachifuwa, wofupika. Anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali.

"Bananibweletsela kachisulo kaja kuti nikaone," anatero motsitsa mawu. "Maso yanga siyaona, koma nakagwila na kwanja iyi yatsala. Ni nchito yosalala, Andrew. Sininaonepo yosalala so." Kenaka anati, "Nabauza kuti ndine. Ine nakalamba kudala. Iwe yenda ku nyumba, ukathandize bamai bako."

Kuyamikira kumene Andrew anakufuna moyo wake wonse kunabwera tsiku limenelo, ndipo kunamupweteka koposa chikwapu. Mkulu wa mpingo amene sananamepo anali atanama chifukwa cha iye. Anagwada pambali pa bedi n'kulira ngati kamwana. Atadzuka sanapite kunyumba. Anapita kwa wapolisi uja.

"Bwana, si beve batate. Ndine ninapala mfuti ija, na zinangu zambili. Nizakuuzani vonse."

Andrew anamangidwa. Mwa amuna onse amene ankamutcha injiniya, palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzamuona kundende. Ankabwera anali anthu awiri okha: mayi Judith ndi kadengu ka chakudya, ndi a Sakala pambuyo pawo, mkono wa jekete atauphana ndi pini. Nkhalambayo inkamupatsa moni ndi dzanja lamanzere, ndipo nthawi zonse Andrew ankayamba watambasula lamanja, kenaka n'kukumbukira.

Inu achinyamata amene Mulungu anakupatsani luso, chenjerani ndi munthu wokutamani kuti muchite chimene makolo anu akuletsani. Ndipo mukalakwa, ululani msanga msewu ukadali wowoloka, pakuti tchimo lobisidwa silisankha pogwera. Andrew analapa, Mulungu anamukhululukira, bambo akenso anamukhululukira. Koma dzanja lija silinamerenso.