Mwaiwathu ndi Mthuthuthu Wotsokomola

Mwaiwathu ankakhala ku Lirangwe. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Tsiku limenelo anasamba m'mamawa. Anavala diresi lake lachikasu. Bambo ake ankabwera! Anakhala ku migodi ya ku Joni zaka ziwiri. Ndege yawo inkatera ku Chileka masana.

Mwaiwathu ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kukaima pampanda wa bwalo la ndege. Bambo ake potsika, ayambe kuona iyeyo.

Pakhomo panali mthuthuthu waung'ono wofiira. Unali wa bambo ake. Popita ku Joni anausiya m'manja mwa amalume a Mwaiwathu, a Malizani.

Koma a Malizani ndi kumanga, eee! Thumba, kumanga. Mbuzi, kumanga. M'mawa umenewo anamangitsa bawuti iliyonse ya mthuthuthu.

"Msewu wa ku Chileka ndi wamabampu," anatero. "Pasagwe kanthu panjira."

Kenako anaponda kiki yolizira injini.

Kho! Kho! Kho!

Mthuthuthu unatsokomola. Unalavula utsi wakuda bii. Kenako unazima.

Anapondanso. Kho! Kho! Unazimanso.

Nkhuku zinathawa. Amayi anagwira mphuno. A Malizani anaponda mpaka thukuta kamukamu.

Mwaiwathu anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali litakwera. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Ababa akatsika osandipeza," anatero.

Anakhala pansi pafupi ndi injini. Panali fungo la petulo. Fungo limeneli ankalidziwa. Kale ankakhala pomwepo, bambo ake akamakonza mthuthuthu.

Anasuzumira pa kabuleta. Kabuleta ndi kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya. Injini imamwa petulo. Imapumanso mpweya. Pambali pa kabuleta pali kasikuluwu kakang'ono. Kameneko ndi kamene kamalowetsa mpweya.

"Amalume, mwamanganso aka?" anafunsa Mwaiwathu.

"Kwambiri!" anayankha a Malizani. "Kanali kosamangika. Ndakamanga gwa!"

"Iii, amalume! Mwautseka mphuno! Ukungomwa petulo osapuma."

A Malizani anaseka. "Iwe Mwai, za injini wazidziwira kuti?"

Amayi analowererapo. "Achimwene, msiyeni ayese. Mwanayu sankachoka pambali pa bambo ake."

"Chabwino, tione," anatero a Malizani.

"Chotsani kaye pulagi, amalume."

A Malizani anachotsa pulagi, imene imayatsa petulo mu injini. Inali yakuda ndi mwaye. Mwaiwathu anaipukuta ndi kasanza. Anaipukuta, anaipukuta. Pulagi inayera. Manja ake anada. Diresi lachikasu lija linadanso pamimba.

A Malizani anabwezera pulagi. Mwaiwathu anathamangira m'nyumba. Anatuluka ndi supuni ya tiyi. Bambo ake ankagwiritsa ntchito supuni yomweyo. Chigwiriro chake chinkalowa bwino m'kasikuluwu.

"Ababa ankati kamodzi ndi theka," anatero Mwaiwathu.

Anayamba kumasula pang'onopang'ono.

"Kamodzi..."

Supuni inazungulira.

"...ndi theka. Pondani, amalume!"

A Malizani anaponda kiki.

Thu... thu... thu...

"Walira! Tiyeni, tiyeni!" anakuwa a Malizani.

"Ayi, dikirani. Injini itenthe kaye."

Kudikira kunali kowawa. Dzuwa linkangokwerabe. Mwaiwathu ankapondaponda pansi. Koma anadikira.

Injini itatentha, anatchera khutu. Anamasulanso pang'ono.

Pha! Pha! Thu! Pha!

"Mpweya wachuluka," anatero.

Anabweza pang'ono. Pang'ono zedi, ngati kuthira mchere m'ndiwo.

Thuthuthuthuthu!

Utsi wakuda uja unatha. Injini inalira myaa. Amayi analulutira.

A Malizani anavula chipewa. "Pepani, amakaniko. Kwerani tizipita!"

Nthawi yosamba m'manja panalibe. Mwaiwathu anakwera kumbuyo. Anagwira amalume ake m'chiuno. Malaya awo oyera anada mbali zonse ziwiri.

Anadutsa minda ya chimanga. Anadutsa amayi osenza nkhuni. Mabampu analipodi, koma sipanagwe kanthu. Mthuthuthu sunatsokomole ngakhale kamodzi.

Atayandikira ku Chileka, anamva chiphokoso kumwamba.

"Ndege iyo, amalume! Fulumirani!"

Anafika ndege ikutera kumene. Mwaiwathu anathamangira kumpanda. Anthu anayamba kutsika. Anatsika wina. Anatsikanso wina.

Uyo! Bambo wachipewa chachikulu!

Bambo ake anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Maso awo anamudutsa Mwaiwathu. Paja anali atatalika.

Mwaiwathu anakweza manja ake akuda aja.

"Ababa! Ababa! Ndine Mwai!"

Bambo ake anaima. Anaseka mpaka chipewa chinagwa.

Atatuluka pageti, anamunyamula m'mwamba. Mwaiwathu anasangalala mpaka kulira.

"Wakula, mwana wanga! Nanga manjawa?"

Mwaiwathu anangoloza mthuthuthu.

Bambo ake anaponda kiki kamodzi kokha.

Thuthuthuthuthu!

Anapendeketsa mutu. Anamvetsera.

"Alamu, wachuna injini imeneyi ndani?"

A Malizani anakanda m'mutu. Tsopano anatsokomola ndi iwo. Kho! Kho!

Mwaiwathu anatulutsa supuni m'thumba.

"Kamodzi ndi theka, ababa."

Bambo ake anagwira timanja takuda tija. Anatiyang'anitsitsa.

"Sunaiwale," anatero. "Zaka ziwiri, koma sunaiwale."

Mthuthuthu unali waung'ono. Anthu atatu sakanakwana. A Malizani anati akwera basi ndi sutikesi. Anatulutsa chingwe m'thumba. Anayamba kumanga sutikesi ija.

"Mangani gwa, amalume!" anakuwa Mwaiwathu. "Imeneyo sipuma!"

Kenako anakwera kumbuyo. Anagwira bambo ake m'chiuno. Anawagwira mwamphamvu. Sanawataye mpaka ku Lirangwe.