Mikondo Pansi pa Mkuyu

M'masiku amene Mfumu Chidzanja inkalamulira chigwa cha Mlambe, kunamveka kuti ankhondo a zishango akubwera kuchokera kummwera, akutentha midzi. Pothawira panali pamodzi pokha, paphiri la Mfumu Nankhwazi. Koma a m'chigwa anali ndi mlandu kumeneko. Zaka makumi atatu m'mbuyomo, atate a Chidzanja anaitanira alongo ake a Nankhwazi ku mowa wa mtendere, nawauza kuti asiye mikondo pansi pa mkuyu monga mwa mwambo. Atasiya, anawapha onse.

Chidzanja anatuma nduna yake Msusa, bambo wa ana awiri, wina akuyamwabe. Msusa anakagwada pabwalo la kuphiri nawomba m'manja.

"Mfumu, tikupempha malo. Zakale zinapita ndi akale."

"Zinapita kwanu," anatero Nankhwazi. "Kuno manda tikusesabe."

Nkhalamba ina inaseka mouma. "Mowa uja mwabwera nawonso?"

Nankhwazi anatembenukira kwa Msusa. "Bwerani nonse. Koma mwamuna aliyense asiye mkondo pansi pa mkuyu wa m'tsinde mwa phiri."

Msusa atakafotokoza kwawo, akuluakulu anadzambatuka. "Ndi msampha! Tikudziwa chimene chimaonekera munthu wosiya mkondo pa mkuyu."

"Tikudziwa chifukwa tinachichita ndife," anayankha Msusa.

Chidzanja anatsinzina diso limodzi. "Iwe Msusa, akudyetsa chiyani kuphiriko?"

M'mawa mwake Msusa ananyamuka ndi mkazi wake, ana, ndi mabanja asanu ndi awiri okha. Pa mkuyu paja dzanja lake linakana kumasula mkondo, pakuti m'matanthwe munkaoneka amuna a mauta. Bwanji ngati akuluakulu aja ankanena zoona? Ndiye kuti ana akewa wawapereka yekha.

"Bambo a Nachuma," ananong'ona mkazi wake, "utsi uwo kumbuyoko simukuuona?"

Msusa anauika pansi mkondo uja. Anakwera, msana ukudikira muvi, koma muvi sunabwere. Pamwamba anawachingamira ndi nkhalamba yonyoza ija, chipanda cha madzi chili m'manja. Inayamba yamwa yokha onse akuona, kenako n'kupatsa Nachuma.

Chidzanja anatsala ndi mikondo yake yonse, ndipo sinamupulumutse. Midzi inapsa, anthu anabalalika.

Zidzukulu za Msusa zikadali paphiripo. Zikamadutsa pa mkuyu zimauza ana kuti a m'chigwa anapatsidwa malo, koma anaopa kukwera chifukwa pankhope ya Nankhwazi ankaonapo chiwembu cha atate awo omwe.