Jakisoni Wachisanu

Mtembo unapezeka Lachiwiri nthawi ya 11:20 m'mawa, m'mabango a mtsinje wa Rivirivi, kumunsi kwa madimba. Sajeni Scholastica Mataka wa polisi ya Balaka atafika, anapeza anthu atauzungulira kale, ena akulavula.

Zaka makumi awiri akuona mitembo, koma apa anayamba wayang'ana kumbali. Chikwanje chinatera katatu: paphewa, pakhosi ndi pamutu, chigaza mpaka kutseguka. Zala ziwiri zinali lende, kusonyeza kuti munthuyo ankatchinga. Pambali panali ukonde wogwirira agalu ndi kabokosi.

"Wakuba agalu ameneyu!" anakuwa bambo wina wa imvi, a Blasius Likoswe. "Chaka chatha anzake anabwera panjinga yamoto, ati tikubaya katemera, n'kunditengera agalu awiri. Walandira zake!"

Mayi wina anadutsa pakati pa anthu n'kugwada pafupi ndi Sajeni. Anali Fauziya, mkazi wa malemuyo.

"Abwana, a Sadiki si mbava iyayi. Amabaya agalu katemera wa chiwewe. Kale anthu ankawaseka, ati Msilamu wanji wogwira agalu. Pano akuti mawa sabwera kumaliro a wakuba. Ndiye ana anga azitchedwa ana a mbava?"

"Mukuika nthawi yanji?"

"Ikatha swala, pemphero lathu la masana."

Sajeni anatsegula kabokosi kaja. Munali mabotolo a katemera, penti yofiira, ndi majakisoni asanu ogwira kale ntchito.

Pofika 2:15 masana anali m'chipinda chofunsira anthu ndi Twalibu, wakabaza amene mudzi wonse unkamuloza chala.

"Agalu umakagulitsa kuti?"

"Ndinasiya, abwana. Kwa alenje ndinagulitsapo, sindikana, ndipo ndinakhalira miyezi sikisi kundende."

"Munalimbirana agalu ndi Sadiki?"

"Wallahi, lero kuyambira 7 koloko ndinali pamzere kuchipatala ku Liwonde ndi amayi anga. Funsani."

Anafunsadi, ndipo namwino anavomera. Twalibu anatuluka akuseka. Sajeni zinamuwawa, tsiku linali litapita pachabe.

Lachitatu 7 koloko m'mawa anabwerera ku Rivirivi. Ankadziwa mmene obaya katemera amagwirira ntchito: galu akangobayidwa amamupaka penti pamphumi kuti asabayidwe kawiri. Majakisoni asanu, ndiye kuti agalu asanu. Anayenda khomo ndi khomo. Woyamba anamupeza pachigayo, awiri kwa aphunzitsi, wachinayi atagona pansi pa ngolo. Wachisanu, zii.

Nyumba yomaliza, yoyang'anana ndi madimba, inali ya a Blasius, amene akazi awo anamwalira kalekale. Kuseri kunali khola la galu la njerwa, lokhoma ndi maloko awiri. Nyumba yawo yomwe inalibe loko wabwino chotero.

"Tatsegulani, bambo."

"Ameneyu saonedwa ndi alendo. Ndi amene ndinatsala naye, n'chifukwa chake dzina lake ndi Watsala."

"Ndati tsegulani."

Galu anatuluka akugwedeza mchira. Pamphumi pake panali pometedwa mpala, lumo litamucheka pawiri. Sajeni anamupinda khutu lamanzere. Kunsi kwake kunali kadontho kofiira.

"Galu amametedwa pamaliro a ndani, a Likoswe?"

"Anali ndi nkhupakupa."

"Nkhupakupa zopaka penti? Chikwanje chanu chili kuti?"

Anachipeza patsindwi la khola lomwelo, chotsukidwa bwino, koma magazi atauma m'ming'alu ya chigwiriro. A Blasius anangokhala pansi.

Ku polisi, 10:40, a Blasius anaulula zonse.

"Watsala ndinamumangirira pamtengo wa mango ndikuthirira kudimba. Ndinangomva kulira. Pothamanga ndinaona munthu atamukuta ndi ukonde, ngati anthu a chaka chatha aja. Mutu unazungulira, mayi. Ndinatema. Anakweza dzanja, akuti 'dikirani, bambo,' ine n'kutemanso. Kachitatu sanayankhule."

"Munadziwa liti kuti si wakuba?"

"Nditachotsa ukonde. Ndinaona penti pamphumi pa Watsala, ndi khadi la katemera m'dzanja la munthuyo. Anali atayamba kulemba."

"Ndiye munamukokera m'mabango, n'kumeta galu, n'kubwera kudzakuwa kuti mbava?"

A Blasius anawerama. Sajeni anamenya tebulo.

"Kutemako mwina mudzati mantha. Nanga kumutukwana atafa, mkazi wake ali pomwepo?"

Nkhalambayo inalira ngati mwana. Kenako inatulutsa makiyi awiri m'thumba n'kuwakankhira patebulo.

"Nanga Watsala azimupatsa chakudya ndani? Akatsala yekha amuba."

"Za akuba sindikudziwa," anatero Sajeni akutola makiyiwo. "Koma chiwewe chaka chino sadwala. Munthu amene munamutema uja anamaliza ntchito yake."

Nthawi ya 12:50 galimoto ya polisi inaima kwa Fauziya. Pabwalo panali amuna asanu ndi mmodzi basi, ena akusuzumira patali. Sajeni anafunda mpango kumutu, n'kuima pamsewu pomwe aliyense angamve.

"Sadiki sanabe galu wa munthu! Wafa akubaya katemera, ndipo womupha wavomera ndi pakamwa pake!"

Anabwereza katatu mpaka mawu kusasa. Zitseko zinayamba kutseguka. Pamene jeneza lonyamulira mtembo linkanyamuka, amuna anali kulimbirana poika phewa, ndipo Fauziya, amene kuyambira dzulo sanagwetse msozi, analira mokweza.