Nkhupakupa ya Kuseri kwa Bondo

Florence, kaputeni wa timu ya mpira wamanja pa sukulu ina ku Golomoti, ankamunyoza Kadzuwa koopsa. Mtsikana wanji wolowa m'kalasi akununkha ndowe? M'mawa uliwonse Kadzuwa ankayamba walowa m'khola kukazula nkhupakupa m'makutu ndi m'mabere mwa ng'ombe za bambo ake, poti dibi yosambitsiramo ng'ombe ya kwawoko inauma kalekale. Chomuwawa Florence kwambiri chinali chakuti wandoweyo ndiye ankachinya zigoli zambiri pa timu yonse.

Lachinayi, kutatsala masiku awiri kuti asewere ndi timu ya ku Mtakataka, Kadzuwa anakhala pansi pabwalo, dzanja lili pachifuwa.

"Florence, mtima wangawu sukugunda bwino. Ukuthamanga, kenaka kuima pang'ono, n'kuyambiranso. Mutu nawo ukundiwawa, thupi lonse kuphwanya."

"Aa! Ndiye tiyambe nyimbo za maliro?"

Kadzuwa anamuonetsa kuseri kwa bondo. Panali kachilonda ka nkhanambo yakuda bii, m'mbali mwake mofiira.

"Inandiluma nkhupakupa sabata ziwiri zapitazo. Ndinaitentha ndi machesi monga timachitira kwathu, koma kamutu kake kanatsalira. Ndikawauze aphunzitsi?"

"Ukawauze chiyani? Kuti wakuluma m'bale wako? Iwe ndi ng'ombe mumangosiyana yunifomu basi. Nkhupakupa ya pabondo yafika bwanji kumtima, yakwera kabaza?" Atsikana ena anafa nalo phwete. "Ukangoyasamula akuchotsa m'timu, ndipo tikaluza sukulu yonse idziwa kuti ndi ulesi wako."

Kadzuwa anangotsitsa siketi yake.

Loweruka kunali dzuwa loswa mtengo. Kadzuwa anachinya zigoli zisanu ndi chimodzi, sukulu yonse ili m'mwamba. Florence anamuona ndithu akudzandira, milomo ili mbuu, koma anangomukalipira: "Thamanga iwe wakukhola, usatichititse manyazi!" Mpira wotsatira Kadzuwa sanauwakhe. Anangoti khu! pafumbi, maso atatembenuka.

Kuchipatala adokotala anamumvetsera pachifuwa nthawi yaitali, kenaka anayang'anitsitsa kachilonda kaja.

"Nkhupakupa zina zimasiya matenda m'magazi," anatero. "Sindinganene motsimikiza tisanamuyeze, koma nthawi zina matenda oterewa amafika posokoneza kagundidwe ka mtima. Timutumiza kuchipatala chachikulu lero lomwe. Komatu mwana wodwala chonchi wathamanga bwanji padzuwa? Panalibe amene ankadziwa?"

Amayi ake a Kadzuwa, amene anafika ndi matope a kudimba m'miyendo, anatembenukira kwa atsikana a timu amene anaunjikana pakhomo. Florence anachita mantha. Anaweramitsa mutu kudikira dzina lake.

Kadzuwa anatsegula maso, n'kumuyang'ana Florence kanthawi.

"Palibe, adokotala. Sindinauze munthu aliyense."

Amayi aja anapumira m'mwamba. Anayandikira Florence n'kumugwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Ndiwe kaputeni uja eti? Amakutchula kawirikawiri kunyumba, akuti palibe wodziwa mpira ngati iwe. Zikomo mwanawe pomuperekeza mnzako. Mulungu akudalitse."

Mawu amenewo anamubaya Florence kuposa mbama. Manyazi anamugwira, misozi ili mbwembwembwe. Anagwada pasimenti, anzake onse akuona.

"Amayi, musandithokoze. Akunama ameneyu. Anandiuza ine Lachinayi."