Makobidi Amene Sanagwe Pansi

Lachitatu, nthawi ili 7:40 m'mawa, Inspekitala amene apolisi anzake ankamutcha Mayendayenda anaima pakhomo la chipinda chowerengeramo, manja ali m'thumba. Mtembo unali chagada pakati pa tebulo ndi sefa yachitsulo yotsekeramo zinthu zamtengo wapatali. Anali mkulu wa zaka 71, wopuma pa ntchito yokonza mawotchi, amene aliyense ankamudziwa kuti a Kagalasi chifukwa cha kagalasi kokuzira zinthu kamene sikankachoka m'khosi mwawo. Kunkhongo kunali bala limodzi, ndipo pa ngodya ya sefayo panali magazi ouma. Madirowa anali pululu. Pansi ponse makobidi akale anali mbwee!

"Adokotala akuti amwalira dzulo pakati pa 4 ndi 5 koloko madzulo," anatero Sajeni, mayi wamtali wosakonda zoseka, akuwerenga m'kabuku kake. "Chitseko sichinathyoledwe. Wapeza mtembo ndi mayi wantchito, 7 koloko."

"Sajeni, ine ndaona mitembo m'mayiko asanu ndi awiri. Wina m'sitima yapamadzi, wina pamwamba pa hotela ya nsanjika makumi anayi. Koma munthu wogona pa ndalama chonchi, uyu ndi woyamba."

"Sabata yatha munati mayiko asanu ndi limodzi, bwana."

"Ndakumbukira lina. Jambulani chilichonse, pasasunthe kanthu."

Pofika 10 koloko zinthu zinali zitamuipira mayi wantchitoyo. Makiyi a nyumba anali nawo. Oyandikana nawo nyumba anamva a Kagalasi akumukalipira Lolemba masana. Ndipo m'chikwama chake munapezeka khobidi lasiliva lowala ngati kalilole. Mkulu wa polisi ya m'deralo sanafune zambiri: mayiyo atsekeredwe, Lachisanu 9 koloko akaonekere kukhoti pa mlandu wopha munthu.

Mayendayenda anamupeza m'chipinda chofunsiramo atakhala kunsonga kwa mpando, maso ali psuu.

"Amayi, imwani tiyiyu, ndaika shuga atatu. Lolemba munayambana chiyani?"

"Ndinalakwa ndine, bwana. Abambo anasiya makobidi asanu ndi awiri pa tebulo, akuda bii. Ine ndati ndiwathandize. Ndatenga mankhwala opukutira mapoto, ndapukuta mpaka mbee! Atabwera anangogwira kumutu. Akuti, 'Mayi inu, zaka zana mwazichotsa ndi chiguduli!' Zaka khumi ndi chimodzi ndagwira pakhomo paja, sindinawaonepo akulira."

"Nanga limene lili m'chikwama mwanu?"

"Anandipatsa okha ndikuweruka. Anapepesa. Akuti, 'Poti mwaliwalitsa ndinu, tengani, muzidziyang'anirapo.'"

"Dzulo 4 koloko munali kuti?"

"Lachiwiri ndimaweruka 12 koloko. Ndinali kwathu, ndimachapa."

"Anakuonani ndani?"

"Palibe." Mayiyo anagwira m'mphepete mwa tebulo. "Bwana, ana anga awiri akachoka kusukulu akapeza chitseko chokhoma. Bambo awo kulibe."

Mayendayenda anatuma wapolisi kuti akauze mchemwali wake wa mayiyo akatenge anawo. Ali panja anauza Sajeni kuti, "Ine musanandione ndi mataye awa ndinkapolisha nsapato pa siteshoni. Pakasowa kanthu, woyamba kusechedwa ndinali ine. Mayi uja sanaphe munthu."

"Umboni, bwana?"

"Tili ndi masiku awiri. Ine ndinagwirapo wakuba ndege isanatere."

Nthawi ya 2 koloko anafika pa shopu yogulitsa mphete ndi ndolo. Mwini wake anali tcheyamani wa kagulu ka anthu asanu ndi anayi osonkhanitsa makobidi akale, kamene kankakumana Loweruka loyamba la mwezi. Anali mkulu waukhondo, wa imvi zopesa bwino.

"Mnzanga wa zaka makumi atatu," anatero a Tcheyamani akupukuta m'maso. "Diso ngati lake kunalibe. Khobidi akaliika pansi pa kagalasi kaja, amakuuzani ngati linayendapo m'manja mwa anthu kapena ayi. Mawu ake ndiwo anali omaliza m'gulu lathu."

"Munawaona liti komaliza?"

"Pa msonkhano wa mwezi watha. Ndamva kuti mwagwira wantchito. Eee, anthu timawadyetsa ndife tomwe."

Madzulo onse a tsikulo anathera pa mkamwini wa malemuyo, amene ankadziwika kuti sankamwerana madzi ndi apongozi akewo. Koma Lachiwiri lonse iye anali m'kalasi, akuyang'anira mayeso pamaso pa ophunzira makumi asanu. Njira imeneyo inathera pomwepo.

Lachinayi, 9:15 m'mawa, mwana wamkazi wa a Kagalasi, namwino, analowa m'chipinda chija kuti aone chimene chasowa. Anagwada n'kuyamba kutola makobidi. Atatola ngati makumi awiri anaima, nayang'ana uku ndi uku.

"A Inspekitala, awa ndi a m'chitini."

"Chitini chanji, chemwali?"

"Cha mabisiketi, icho chili pansi pa mpando. Adadi ankaponyamo makobidi otha, ogawira alendo. Taonani ili, nkhope yafufutika, chaka sichikuwerengeka. Makobidi ali ndi magiredi, ngati ana asukulu. Lotha chonchi ndi lapansi. Likamaoneka tsitsi ndi zilembo zonse, lakwera. Lapamwamba ndi limene silinagulepo kanthu chilipangireni. Limenelo simuligwira pankhope, mumaligwira m'mbali. Likangogwa pansi kamodzi, kachilema kamodzi, latsika giredi mpaka kalekale."

"Ndiye abwinowo ali kuti?"

Namwinoyo analoza pa sofa. Mathireyi asanu ndi anayi oyalidwa nsalu yofewa anali pamenepo, atandandalikidwa bwinobwino, palibe losanjikizana ndi linzake. Khobidi lililonse linali m'kabowo kake.

"Onse alipo. Seti iyi adadi anaimanga zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, chaka ndi chaka, osadumpha."

Mayendayenda anawomba m'manja kamodzi, phwa! "Sajeni, bwerani muone wakuba waulemu! Wazula madirowa, wamwaza ndalama mazana awiri pansi, koma wagwetsa zotha zokhazokha. Zabwino wazinyamula ngati mazira, wazigoneka pa sofa. Mayi wopukuta siliva ndi mankhwala a mapoto angasiyanitse zimenezi?"

"Sangathe, bwana."

"Munthu uyu amafuna tione ngati mwalowa wakuba, koma mtima unamukaniza. Ndi wa m'gulu lomweli."

Namwinoyo anali atafika pa tebulo. Pakona panali kansalu kobiriwira, ndipo pambali pake kakhadi kolembedwa ndi dzanja la bambo ake: "La a dalaivala."

"Apa ndi pamene ankaika khobidi la munthu wina akamaliyeza. Kakhadi kalipo, khobidi palibe."

A dalaivalawo anali mayi woyendetsa basi, membala wa gulu lija. Anamupeza 1 koloko pa depoti akudya chamasana m'basi yake.

"Langa limenelo," anatero mayiyo. "Ndikumanga seti ya makobidi a bowo pakati, zaka makumi awiri ndi ziwiri. Linatsala limodzi, losowa kwambiri. Nditalipeza ndinavina m'basi muno, makasitomala ankaganiza kuti ndapenga. Ndinapereka anga atatu abwino posinthana. Anandiuza kuti silinagwiritsidwepo ntchito."

"A Kagalasi anati chiyani?"

"Anandiimbira Lolemba m'mawa. Akuti, 'Mwana wanga, pepa, khobidi ili ndi loyenda kale. Aliviika m'mankhwala, alipukuta pa makina kuti lioneke latsopano. Timizere tikuoneka.' Anati aka si koyamba, aonapo ena asanu otere m'gulu lathu, onse ochokera kwa munthu mmodzi. Amafuna akanene Loweruka pa msonkhano, koma anati ayambe akhala naye pansi mwiniwakeyo Lachiwiri 4 koloko, poti ndi mnzawo."

"Bwanji simunabwere kupolisi?"

"Ndinamva kuti ndi wakuba, ndipo mwamugwira kale."

"Munasinthana ndi ndani, amayi?"

Mayiyo anaika supuni pansi. "A Tcheyamani."

Ali m'galimoto Sajeni anati, "Khobidilo analitaya kale m'ngalande, bwana. Tikapeza chiyani?"

"Munthu amene walephera kugwetsa khobidi pa kapeti, mtembo wa mnzake uli pomwepo, angaponye losowa m'ngalande? Mayiko onse ndayenda ine, munthu wokonda chinthu ndi yemweyo. Tiyeni tikatenge chikalata chosechera."

Nthawi ili 3:30 analowa m'shopu muja. A Tcheyamani anawalandira ndi ulemu, ndipo ataona chikalatacho anawapatsa njira. Kuchipinda chakumbuyo kunali makina opukutira mphete, mabotolo atatu a mankhwala ndi timaburashi tofewa. Sajeni anatsegula dirowa ya pansi napeza kaenvelopu. M'kati, lokulungidwa m'pepala lofewa kawiri, munali khobidi la bowo pakati.

Mayendayenda analitenga dala ndi zala ziwiri pankhope pake.

"M'mbali!" anakuwa a Tcheyamani. "Gwirani m'mbali!"

"Pepani, akuluakulu." Analiika pa kansalu, nakoka mpando. "Khalani pansi. Munati munawaona mwezi watha. Khobidi ili linali pa tebulo lawo Lolemba. Lafika bwanji kuno?"

Mkuluyo anavula magalasi.

"Anandiitana. Anandithirira tiyi. Anandionetsa timizere pansi pa kagalasi, kenako limodzi ndi limodzi makobidi onse asanu ndi limodzi anawatchula. Akuti, 'Achimwene, Loweruka mukaimirire nokha, mukanene, muwabwezere anthu zinthu zawo. Ine ndikakhala pambali panu.'"

"Ndiye anakupatsani mpata."

"Mpata wanji? Gulu lija ndinaliyambitsa ndine, m'shopu muno. Zaka makumi atatu anthu akundiimirira ndikalowa. Koma wofunsidwa anali iye. Ine tcheyamani, koma khobidi likabwera, onse kwa Kagalasi. Loyamba ndinalipukuta kuti ndingoona ngati angazindikire. Nthawi imeneyo silinafike kwa iye, mwini wake analisunga mokondwa. Anthu anayamba kunena kuti a Tcheyamani amapeza zinthu zimene wina sangapeze. Zinandikomera. Ndinatenga khobidilo pa tebulo kuti ndizipita. Anandigwira mkono. Ndinamukankha. Kamodzi kokha, a Inspekitala. Anagwera pa sefa."

"Munaitana dokotala?"

"Anali atapita kale. Ndinagwira pakhosi."

"Kenako munamwaza makobidi."

"Ndinanyamula thireyi loyamba kuti ndilikhuthule. Manja anakana. Seti ija ndinaiona ikukula, ena tinakawapeza limodzi. Ndinatenga chitini."

"Dzulo munadziwa kuti mayi wa ana awiri watsekeredwa m'chitokosi chifukwa cha inu. Munati chiyani? Anthu timawadyetsa ndife tomwe."

A Tcheyamani anaphimba nkhope ndi manja onse awiri. "Ndilemba zonse. Ndipatseni pepala. Ndilembanso mayina a eni makobidi asanu aja, zawo zili mu sefa yanga muno, muwabwezere."

Sajeni anawauza za ufulu wawo, nawaveka unyolo. Mayendayenda anayang'ana wotchi: 4:10. Anatulutsa foni naimbira ku polisi, mawu ali pamwamba moti anthu odutsa mumsewu anatembenuka.

"Ndine. Uzani abwana kuti khoti la mawa lilipo, koma munthu wasintha. Mayi aja atsegulireni pompano. Ayi, asayende pansi! Atengeni pa galimoto yanga, akhale kutsogolo, mukawatule pakhomo pa mchemwali wawo ana asanadye chamadzulo."