Nambala ya Munthu Wina

Panali banja lina loopa Mulungu, limene nyumba yake inali yaing'ono koma yamtendere. Bambo ankayendetsa galimoto yonyamula katundu, ndipo nthawi zambiri ankakhala pa ulendo. Mayi ankasoka zovala pakhonde, makina awo akulira kuyambira m'mawa. Mwana wawo wamwamuna anthu ankamutchula kuti Mafulumira, chifukwa chilichonse ankachimaliza anzake asanafike pakati. Koma akamutuma kusesa, zinyalala munkazipeza kuseri kwa chitseko. Mayi ake ankaseka, kenaka n'kumuuza mosaseka kuti chimene wachikankhira kuseri kwa chitseko sichinatuluke m'nyumba.

Mnyamatayo anakula, naphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo anapeza ntchito pa kampani ina imene inkamanga pulogalamu ya pa intaneti ya chipatala china. Tsiku loyamba, mayi woyang'anira ntchitoyo anamukhazika pansi namufotokozera modekha. Wodwala aliyense akalembetsedwa, nkhokwe ya pulogalamuyo, mmene mumasungidwa mbiri ya odwala, imampatsa nambala yakeyake, ndipo nambalayo imakwera yokha: wobwera pambuyo amalandira yotsatira. Zonse za munthuyo, matenda ake ndi mankhwala amene thupi lake limadana nawo, zimasungidwa padera m'mindandanda ina yotchedwa matebulo, ndipo zimamudziwa mwini wake ndi nambala, osati ndi dzina.

"Malamulo anga ndi awiri okha," anatero mayiyo. "Osayesera zinthu m'nkhokwe yeniyeni ya chipatala, uziyamba wakonza yoyesererapo. Ndipo chowerengera manambala usachikhudze. Nambala ikaperekedwa, yaperekedwa. Ukafufuta munthu, mpata wake utsale choncho."

Mafulumira anavomera mwaulemu, koma maso ake anali kale pazenera.

Pafupi ndi iye pankakhala mnzake wotchedwa Chidule, munthu wa nthabwala, amene nkhomaliro yake inkayamba dzuwa lisanafike pamutu n'kutha litapendeka. Iyeyo ndiye anaphunzitsa Mafulumira njira ya kumalo osewerera puulu, ndipo posakhalitsa ntchito inayamba kuunjikana. Tsiku lina anafunika kuyesa tsamba latsopano lolembetsera odwala. Kukonza nkhokwe yoyesererapo kukanamudyera m'mawa wonse, ndipo Chidule anali ataima kale pakhomo.

"Aise, ukufuna kumanga nyumba yachiwiri kuti uyese chitseko chokha? Yesera pomwepo, ufufute, tizipita. Amayi a malamulowo akawona bwanji?"

Mafulumira anaseka, nayesera pomwepo. Analenga odwala abodza ambirimbiri, nawapatsa mayina oseketsa. Wina anamulemba kuti ndi woyembekezera, wina kuti wathyoka mwendo, ndipo pa funso la mankhwala odana ndi thupi, onse anawalembera mofanana kuti palibe. Tsamba linagwira bwino. Anafufuta mayinawo, natseka kompyuta, napita kukasewera.

Atabwerako anaona vuto. Pamndandanda wa odwala panali mpata waukulu: manambala anadumpha, ngati mano ogweluka m'kamwa. Woyang'anira akadzayang'ana adzafunsa, ndipo yankho lidzakhala limodzi lokha. Chidule anasuzumira paphewa pake nati zimenezo n'zazing'ono, kulemba mzere umodzi wokha wolamula kompyuta ndi kokwanira kubweza chowerengera m'mbuyo, odwala atsopano adzadzaza mpatawo okha. Mnyamatayo anakumbukira lamulo lachiwiri. Analikumbukira bwino lomwe, mawu ake onse, ndiponso nkhope ya amene analinena. Komabe analemba mzerewo, ndipo chowerengera chinabwerera.

Sabata yomweyo woyang'anira, osadziwa zimene zinachitikazo, anatseka nkhokwe ya chipatala pofuna kuiteteza. Kuyambira pamenepo anyamatawo ankangotha kuyang'anamo. Wofuna kusintha kanthu ankayenera kupempha kwa iye ndi kunena chifukwa chake.

Kenaka zotsatira zake zinayamba kuonekera. Mafulumira anatsegula tsamba la agogo ena aamuna amene anali atangolembetsedwa, napeza kuti pulogalamu ikuti ndi oyembekezera. Chidule anaseka mpaka kugwira pamimba, nati agogowo awagulire matewera. Koma Mafulumira sanaseke. Anazindikira kuti anafufuta mayina okha. Zonse zimene analembera anthu abodza aja zinatsala m'matebulo ena, zili chidikirire, chilichonse chitagwira nambala yake, ndipo iye sakanathanso kuzifufuta popanda kupempha. Tsopano manambalawo ankaperekedwa kwa anthu amoyo, mmodzimmodzi, ndipo aliyense ankalandira cholowa cha munthu amene sanakhaleko. Choopsa koposa chinali ichi: pulogalamuyo sinkamufunsanso namwino funso limene inali nalo kale yankho.

Anauza Chidule kuti akukaulula. Mnzakeyo nkhope inasintha. Anamuuza kuti akaulula ntchito yatha, ndipo palibe kampani ina imene idzamulandire; manambala oipawo atsala pang'ono kutha, angopirira. Ndipo anawonjezera motsitsa mawu kuti dzina lake lisatuluke, popeza zala zimene zinalemba mzere uja sizinali zake.

Choncho Mafulumira anakhala chete, akuyang'ana chowerengera chikukwera tsiku ndi tsiku. Kunyumba anasiya kudya bwino, ndipo pa pemphero la banja milomo yake inkangogwedera popanda mawu. Mayi ake, amene masiku amenewo ankatsokomola kwambiri, anamuitana pakhonde, naimitsa makina.

"Mwana wanga, ndinakubala ndine. Wakankhira chiyani kuseri kwa chitseko?"

"Palibe, Amayi. Ndi kutopa chabe."

Mayiwo anamuuza kuti kutopa kumatha ndi tulo, koma chimene chili pa iye tulo sitingachichotse; ngati walakwira munthu apite akanene dzuwa lisanalowe, pakuti Mulungu amakhululukira wovomereza. Kenaka, pofuna kumusangalatsa, anati chifuwachi chikapitirira adzapita ku chipatala chomwecho chimene chili ndi ntchito ya mwana wawo, akaone ndi maso zimene akhala akunyadira kwa amayi anzawo.

M'nyumbamo aliyense ankadziwa kuti mayiwo thupi lawo limadana ndi mankhwala a penisilini. Mafulumira ali wamng'ono, mayiwo anatsala pang'ono kumwalira nawo. Apa ndi pamene mnyamatayo akanayenera kulankhula. Mawu anafika pakamwa. Koma anangoti kumeneko kumakhala mizere yaitali, bola atapita kwina. Mayi ake anamwetulira, nati mzere sunaphepo munthu, nayambanso kusoka.

Patapita masiku ochepa, m'mawa wina ali ku ofesi, anatsegula mndandanda monga ankachitira nthawi zonse tsopano. Pansi penipeni panali dzina la mayi ake. Thupi linali litawatentha kwambiri iye atachoka, bambo ali pa ulendo, ndipo mnansi wina anawatengera kuchipatala ali osatha kulankhula bwino. Nambala yawo inali imodzi mwa zija. Anatsegula tsamba lawo, ndipo pa funso la mankhwala odana ndi thupi anawerenga mawu amene analemba yekha ndi zala zake, akuseka, Chidule ali pakhomo: palibe.

Anathamangira kwa woyang'anira, mpando ukugwa kumbuyo kwake. Zonse zimene anazibisa kwa masabata anazinena mu mpweya umodzi. Woyang'anirayo sanamukalipire, anatenga foni nthawi yomweyo. Mafulumira anaima akumva foni ikuitana, ikuitanabe. Namwino atayankha, woyang'anira analankhula mwachangu, kenaka anamvetsera, ndipo anatsitsa foniyo pang'onopang'ono.

"Jekeseni wa penisilini awabaya kale. Thamanga."

Mayi ake sanamwalire. Madokotala analimbana nawo mpaka mpweya unabwerera, koma unali utachedwa kubwerera. Dzanja lawo lamanja silinagwirenso singano, ndipo mawu awo anatsala olemera, otuluka movutikira. Kampani inaimitsa pulogalamuyo, nifufuza wodwala aliyense amene analandira nambala yakale, ndipo Mafulumira anachotsedwa ntchito. Chidule anati sankadziwa kanthu, ndipo mawa lake anapita kukasewera monga mwa masiku onse.

Bambo atabwera ku ulendo, mwana wawo anagwada nawauza zonse, osasiyako kanthu. Bambowo anamva mpaka kumapeto. Anati kuyesera m'nkhokwe ya eni kunali ulesi, ndipo ulesi ukanakonzeka ndi manyazi a tsiku limodzi. Koma pakhonde paja, pamene mayi ake anamufunsa, anasankha dzina lake kuposa moyo wawo. Mayiwo anatambasula dzanja lamanzere, naliika pamutu pa mwana wawo. Anamukhululukira, ndipo tikhulupirira kuti Mulungu anamva kulapa kwake. Koma makina osokera ali pakhonde paja mpaka lero, ophimbidwa ndi nsalu, ndipo iye amawadutsa m'mawa uliwonse.

Ana anga, ndi inu nonse amene mwapatsidwa ntchito imene anthu ena aikapo moyo wawo, chenjerani. Ulesi umabala cholakwa, koma kubisa ndiko kumachisandutsa msampha. Mukalakwa, siyani mpatawo uoneke, ndipo pitani mukanene mudakali ndi nthawi. Chimene mwachikwirira sichinachoke. Chikudikira munthu wotsatira, ndipo simudziwa kuti adzakhala ndani.