Nkhope ya Munthu Wogwada

Mtembo unapezeka Lolemba m'mawa, nthawi ili 6:20, mkati mwa mpanda wa malata womwe khonsolo inazinga nawo chiboliboli cha Bwanamkubwa, pabwalo la pakati pa mzinda. Anaupeza ndi mayi wosesa pabwalopo, yemwe anadabwa kuona loko akulendewera pachitseko osakhoma.

Inspekitala anafika patatha theka la ola, akuyenda ngati munthu woperekeza mlendo. Anzake kupolisi ankamutcha Pang'onopang'ono, ndipo dzinalo silinkamupweteka, poti pa zaka zake zonse pantchito anali asanaonepo mtembo ukuthawa. Sajeni wake, mayi wachangu wodana ndi kudikira, anali atathamangitsa kale anthu osuzumira m'mipata ya malata.

Womwalirayo anali Nadongo, mayi wosema ndi kuumba ziboliboli. Anagona chagada pansi pa nsanja ya zitsulo yomwe ankakwerapo pogwira ntchito, atavala ovolosi yake yothimbirira. Dokotala anati mayiyo anagwa kuchokera pamwamba penipeni dzulo lake, pakati pa 3 ndi 5 koloko masana, koma sanagwe yekha: pamkono pake panali zipsera za zala za munthu amene anamugwira mwamphamvu. Pathabwa la pamwamba pa nsanjayo panali tizidutswa ta pulasitala woyera, tina titapondedwa ndi chidendene mpaka kusanduka ufa. Inspekitala anatitola tonse, n'kutiika m'pepala mosamala ngati mbewu.

Chibolibolicho chinali cha mkuwa, cha nthawi ya atsamunda. Bwanamkubwa anali pakavalo, chifuwa patsogolo, ndipo pafupi ndi mwendo wa kavaloyo panagwada munthu wina wopanda nsapato, akuloza kutali ndi chala. Mbiri imati ameneyu ndi amene ankatsogolera asilikali kumalo komwe anthu ankabisala pothawa ntchito ya kalavulagaga. Dzina lake silinalembedwe paliponse. Anthu odutsa ankatukwana Bwanamkubwa, koma malovu ankathera pa wogwadayo, poti ndiye anali pafupi.

Mzinda unakangana zaka zingapo, ena akuti chichotsedwe, ena akuti mbiri siichotsedwa ndi thirakitala. Khonsolo, monga khonsolo, inaopa mbali zonse ziwiri, ndipo inapempha Nadongo kuti aumbe nkhope za anthu a mumzindamo, zizungulire chibolibolicho n'kumachiyang'ana, chigamulo chisanaperekedwe. Ntchitoyo inali itangoyamba kumene.

Pofika masana, mkulu wa polisi anali atamanga kale mwamuna wa Nadongo, telala wa pamsika. Oyandikana nawo nyumba anamumva Loweruka akukalipa kuti chiboliboli chimenecho chidzamupha mkazi wakeyo, ndipo Lamulungu masana palibe anamuona pashopu pake. M'chipinda chofunsira mafunso, telalayo anavomera mawuwo mosapsatira. Anati ankanena za nsanja ija, yomwe inkagwedezeka ngati dzino la mwana, ndipo Lamulungu anakhala yekha kuseri kwa nyumba akukonza makina osokera. Mboni yake inali makinawo basi.

"Maliro ndi Lachitatu, 2 koloko," anatero telalayo, akuyang'ana zala zake. "Mwana wathu ali sitandade 4, bwana. Asaike mayi ake ine ndili muno. Mukandimangenso pambuyo pake ngati mukufuna."

Inspekitala sanalonjeze kanthu, chifukwa ankadziwa kuti mkulu wake akamanga munthu samasula wopanda wina wolowa m'malo. Koma mawuwo anamukhudza, ndipo anatuluka nawo m'chipindamo mtima uli wolemera.

Iye ndi Sajeni anayamba ndi loya wina, mkulu wa gulu loteteza chibolibolicho, yemwe anawopsezapo Nadongo pawailesi kuti akachikanda n'pang'ono pomwe adzaona zakuda. Loyayo anawalandira muofesi yozizira, n'kuwaphunzitsa mbiri kwa nthawi yaitali asanafunsidwe n'komwe. Zakuda zomwe ankanena, anati, zinali za kukhoti. Lamulungu lonse anali paukwati wa mphwake, ndipo panali zithunzi zomuonetsa akuvina moipa kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa. Sajeni anati kavinidweko kanali mlandu pakokha, koma osati womwe ankafufuza.

Kuchoka apo anapita kuholo ya gulu lofuna kuti chibolibolicho chichotsedwe. Wapampando wake anali mphunzitsi wopuma pantchito, yemwe mzinda wonse unkamudziwa kuti a Mandevu, chifukwa cha ndevu zawo zofika pachifuwa zomwe palibe ankakumbuka kuti zinayamba liti. Anawapeza atakhala pakona, atavala masiki yaikulu yotchinga kamwa ndi mphuno, ndi sikafu m'khosi. Anapepesa kuti ali ndi chimfine ndipo sakufuna kupatsira anthu. Anayankha modekha kuti Nadongo anali ngati mwana wawo, kuti anamuona komaliza pamsonkhano wa Lachinayi, ndiponso kuti gulu lawo ndi lomwe likuyendetsa za maliro. Iwo eni ndiwo anasankhidwa kudzalankhula pamanda.

Lachiwiri m'mawa Inspekitala ndi Sajeni anapita kumalo komwe Nadongo ankaumbira, galaja yakale kuseri kwa sukulu ya zaluso. Anawatsegulira ndi mnzake wa malemuyo, mphunzitsi wa pasukulupo, mayi wochepa thupi yemwe maso ake anali ofiira ndi kulira. Inspekitala anamuonetsa tizidutswa tija n'kufunsa ngati n'zotheka kudziwa kuti chinali chiyani.

Mayiyo anatembenuza kachidutswa kamodzi n'kunena kuti kanali kamphuno. Kenako anafotokoza mmene ntchitoyo imayendera. Munthu amagona chagada, amamupaka mafuta kumaso, n'kumuthira phala lofewa lomwe likauma limasanduka chikombole. M'chikombolemo ndi momwe amathira pulasitala kuti nkhope ituluke. Anthu ambiri, anatero, amaganiza kuti chikombole chimatayidwa nkhope ikatuluka, koma Nadongo sankataya chilichonse, ngakhale machesi opsa.

Pashelefu panali zikombole za ana asukulu ndi amayi a pamsika, zonse zouma. Chimodzi chokha, chokulungidwa m'nsalu, chinali chikadali chonyowa. Mayiyo anasakaniza pulasitala m'mbale, n'kuthira m'chikombolecho, ndipo anadikira akumwa tiyi, Sajeni akungoyang'ana wotchi. Nkhope itauma, anaitulutsa n'kuiika patebulo.

"Uyu ndi wogwada uja," anatero Sajeni mokhumudwa. "Anangojambula chiboliboli chomwecho. Tataya nthawi."

Zinalidi choncho poyang'ana koyamba: chipumi chomwecho, chibwano chopindika pang'ono kumanzere, mlomo wa m'munsi wolemera. Koma mphunzitsiyo anapukusa mutu n'kuyandikitsa nyale. Mkuwa ulibe timabowo ta khungu, anatero, ndipo sutsinzina. Nkhope iyi inali yotsinzina, ndipo m'chikombole munatsalira tsitsi la nsidze, la imvi. Anaonetsanso kamzere kakang'ono pansi pa chibwano, pomwe lumo linacheka. Ananena kuti Nadongo sankathira phala pandevu, chifukwa zimakakamira, ndipo aliyense wofuna kuumbidwa ankayenera kumeta kaye.

Inspekitala anayang'ananso kamzereko, akulumikiza zinthu m'mutu. Munthu wamkulu, wometa kumene, amene nkhope yake mzinda sukuidziwa. Anafunsa Sajeni ngati dzulo, nthawi yonse yomwe anakhala kuholo kuja, anamvapo a Mandevu akutsokomola kapena kumina.

Sajeni anasiya kuyang'ana wotchi.

A Mandevu anawaitana kupolisi Lachitatu m'mawa, nthawi ili 9 koloko, ponena kuti akufuna thandizo lawo pa nkhani ya telala. Anabwera atavala suti yakuda ya pamaliro, masiki ili pomwepo. Inspekitala anawapatsa mpando, n'kuwafunsa za chimfine, kenako anavundukula nsalu yomwe inali patebulo. Nkhope yoyera ija inawayang'ana ili chitsinzinire.

A Mandevu anaiyang'ana nthawi yaitali. Manja awo, omwe anazolowera kuloza pabolodi ndi pamisonkhano, anagona pamaondo osagwedezeka.

"Ndinaiphwanya imeneyi," anatero motsitsa mawu.

"Munaphwanya yoyamba, aphunzitsi. Chikombole chinatsala."

Anavula masiki okha, osauzidwa. Sajeni anayang'ana pansi, chifukwa zinali zomvetsa chisoni kuona munthu wamkulu atakhala ngati wavulidwa. Nkhope zofanana zinali ziwiri m'chipindamo, ndipo yachitatu inali pabwalo.

Anafotokoza popanda kukakamizidwa, mwadongosolo ngati akuphunzitsa kalasi. Wogwadayo anali agogo awo, bambo a mayi awo. Mayi awo anawauza ali mnyamata, atawatsekera m'chipinda, ndipo anawalumbiritsa kuti asadzauze munthu, ngakhale mkazi amene adzakwatire. Banja linasamuka, linasintha dzina, nkhaniyo n'kukwiririka. Koma atafika zaka za m'ma 30, tsiku lina akumeta, anaona pagalasi wogwada uja amene ankamudutsa tsiku lililonse popita kusukulu. Kuyambira pamenepo lumo silinawakhudzenso. Chibolibolicho ankadana nacho moona, anatero, ndipo zonse zomwe ankanena pamisonkhano za nkhanza za Bwanamkubwa zinali zochokera pansi pa mtima. Koma chomwe chinkawasowetsa tulo sichinali wapakavaloyo.

Inspekitala anafunsa chifukwa chake anavomera kumeta.

A Mandevu anati gulu lonse linavota kuti nkhope yoyamba kuikidwa pabwalo ikhale ya wapampando, ndipo anasowa pothawira. Anadzinyengerera kuti ukalamba wasintha zinthu, kuti makwinya abisa zomwe ndevu zinkabisa. Anapita kugalaja Loweruka madzulo, Nadongo ali yekha. Lamulungu masana mayiyo anawaimbira foni, mawu ake ali odzaza chimwemwe, kuti abwere pabwalo adzaone chinthu. Anamupeza ali pamwamba pa nsanja, atagwirizira nkhope yoyera pambali pa ya mkuwa. Nadongo anali atatha milungu akuyeza nkhope ya wogwadayo ndi manja ake, ndipo sakanalakwitsa.

"Sanandinyoze," anatero a Mandevu. "Bola akanandinyoza. Anati, 'Bambo, ntchito yonse ndi imeneyi. Mdzukulu ayang'anizane ndi agogo ake, mzinda uone kuti tonse tinachokera momwemo.' Anati anthu adzandilemekeza kuposa kale. Mwana uja ankakhulupirira anthu."

Anamuchonderera, mpaka anagwada pathabwa paja, ndipo atazindikira mmene agwadira ndi pomwe mtima unawapsa. Anamugwira mkono kuti alande nkhopeyo. Nadongo anakana kuisiya. Iwo anamukankha.

"Simunafune kumupha?" anafunsa Inspekitala.

"Musandithandize, bwana. Ndinaona kuti kumbuyo kwake kulibe chotchinga. Ndinaona, ndipo ndinakankhabe."

Atamaliza kusaina, anapempha chinthu chimodzi. Mwana wa Nadongo anali kunyumba kwawo chimangidwire bambo ake, poti iwo eni ndiwo anakamutenga kuti asagone yekha. Mkazi wawo sankadziwa kalikonse. Anapempha kuti apolisi asapite kumeneko ndi galimoto yolira.

Mkulu wa polisi anasaina zotulutsa telala nthawi ili 11:40, akung'ung'udza ngati walandidwa chake. Telalayo anamva dzina la wopha mkazi wake ali chiimire pakhonde, atagwira lamba ndi zingwe za nsapato zomwe anamubwezera. Sanatukwane ndipo sanalire. Anangofunsa komwe kunali mwana wake, ndipo atauzidwa, anakhala pansi n'kuyamba kulowetsa zingwezo m'nsapato.

Inspekitala anamuperekeza wapansi, ndipo tsiku limenelo anayenda mofulumira. Nyumba ya a Mandevu inali yaing'ono, ya maluwa m'zitini pakhonde. Mwanayo, mtsikana, anali atakhala pampando, atavala diresi yakuda yomukulira, mayi wachikulire akumupesa tsitsi. Ataona bambo ake anathamanga, chipeso chikadali m'mutu, n'kuwakumbatira m'chiuno.

Mkazi wa a Mandevu anaimirira nkhope ili yowala, akupukuta manja pachitenje.

"Akutulutsani, achimwene. Ndinadziwa ine. Abambo anachoka m'mawa, anati akupita kukakulankhulirani kupolisi." Anasuzumira kumsewu, kumbuyo kwa alendowo. "Nanga iwo mwawasiya kuti? Nthawi yatha, ndipo ndi iwo olankhula kumanda."

Telala anaika dzanja pakhutu la mwana wake n'kumukokera pachifuwa. Inspekitala anavula chipewa, n'kupempha mayiyo kuti alowe naye m'nyumba, akhale kaye pansi.